Sing'anga wa Njala

Inu omvera, lero tikambe za anthu amene anayesa njala mankhwala. M'caka ca 1880, m'mzinda wa New York ku America, dotolo wina, Henry Tanner, anakhala masiku 40 wosadya kanthu pamaso pa anthu. Mbiri yace inawanda, koma ambiri anaiwala kuti iyeyo anali kumwa madzi. Pakuti munthu akhoza kupirira njala masabata angapo, koma wopanda madzi afa m'masiku owerengeka, impso zitaleka nchito.

Pambuyo pace, m'dziko lomwelo, kunabuka mai wina, Linda Hazzard, amene anati matenda acokera m'cakudya. Odwala ace anawagoneka ku Olalla, nawamwetsa timsuzi ta matimati masabata ambiri. M'caka ca 1911 mkazi wa ku England, Claire Williamson, anafera m'manja mwace, ndipo mbale wace Dora anapulumutsidwa atatsala mafupa okhaokha. M'caka ca 1912 bwalo la milandu linamtsutsa maiyo, ndipo pambuyo pace anaponyedwa m'ndende, koma atamasulidwa sanaleke. M'caka ca 1938 iye mwini anamwalira alikusala cakudya kuti acire.

Cifukwa cace, musammane wodwala madzi ndi phala. Pitani naye kucipatala.