Tanthauzo la zilembo za pa matayala a njinga zamoto

Oyendetsa njinga zamoto za kabaza ku Wovwe m'boma la Karonga amayenda m'misewu ya mitundu iwiri: yafumbi yochokera ku minda ya mpunga, yomwe imaterera m'nyengo ya dzinja, ndi msewu wa phula wa M1 womwe umatentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala. Kuti asankhe tayala loyenera misewu yonseyi, ayenera kudziwa zolembedwa m'mbali mwa tayalalo.

Mwachitsanzo, pa tayala lolembedwa 3.00-18 52P, nambala ya 52 ikutanthauza kuti lisasenze katundu woposa makilogalamu 200, pomwe chilembo cha P chikusonyeza malire a liwiro, omwe ndi makilomita 150 pa ola. Chilembo cha J chimaimira makilomita 100, L ndi 120, S ndi 180 ndipo H ndi 210.

Chilembochi chimasonyeza liwiro lomwe tayala lingapirire kutentha osawonongeka. Tayala likamagudubuzika limapindika n'kuwongoka, zomwe zimalitenthetsa, ndipo kutenthako kumakula ndi liwiro. Malirewa amagwira ntchito pokhapokha tayala lili ndi mpweya wokwanira komanso katundu sanapyole muyeso.

Apa ndi pomwe pagona ngozi kwa akabaza. Njinga yonyamula matumba atatu a mpunga a makilogalamu 50 lililonse, kuphatikiza woyendetsa ndi kulemera kwa njingayo, imapyoletsa malire a tayala lakumbuyo. Tayala lotere, makamaka ngati mpweya wachepa, likhoza kuphulika pa phula lotentha ngakhale liwiro lili lochepa.

Mtundu wa mphira nawonso ndi wofunika. Mphira wofewa umagwira bwino msewu koma umatha msanga ukatenthedwa, pomwe wolimba umapirira kutentha ndipo umakhalitsa, koma sugwira mokwanira pa phula lonyowa. Choncho chilembo cha liwiro lalikulu si umboni woti tayala siliterera. M'matope, chomwe chimathandiza ndi kuya kwa mizere ya patayala.

Woyendetsa ayenera kugula tayala lomwe nambala ndi chilembo chake sizikuchepera pa zomwe kampani yopanga njingayo inalamula, ndipo aziyeza mpweya m'mawa tayala lisanatenthe. Aziwonanso manambala anayi osonyeza nthawi yomwe tayala linapangidwa: 2322 ikutanthauza sabata ya 23 m'chaka cha 2022. Tayala lokhalitsa limauma n'kuchita ming'alu ngakhale lisanayendepo.