Chitupa ndi Ulamuliro wa Tsankho ku South Africa

Pamene chipani cha National Party, motsogozedwa ndi D.F. Malan, chinatenga boma m'chaka cha 1948, tsankho silinali lachilendo m'dziko la South Africa. Lamulo la malo la 1913 linali litasiyira kale anthu akuda kachigawo ka nthaka kosakwana limodzi mwa magawo khumi. Boma latsopanoli linangokhwimitsa tsankholo ndi malamulo ochuluka, pansi pa dzina lakuti apartheid, kutanthauza kupatukana. M'chaka cha 1950 linalamula kuti munthu aliyense alembedwe m'kaundula potsata mtundu wake, ndiponso kuti mtundu uliwonse ukhale m'dera lakelake.

Koma lamulo limene linkaluma tsiku ndi tsiku linali la chitupa. Kuyambira 1952 mwamuna aliyense wakuda wa zaka 16 kapena kuposerapo ankayenera kuyenda ndi kabuku kokhala ndi chithunzi chake, umboni wa msonkho, ndi siginecha ya bwana wake wa kuntchito. Popanda chilolezo sankaloledwa kukhala m'tauni kupitirira maola 72. Wapolisi ankatha kumuimitsa paliponse, ndipo kungoiwala kabukuko m'thumba la jekete lina kunali kokwanira kumugoneka m'chitokosi. Chodabwitsa n'chakuti dzina la lamuloli linkanena za kuthetsa zitupa!

Boma litayamba kukakamiza amayi kuti nawonso azinyamula zitupa, amayi pafupifupi 20,000 anaguba kupita ku likulu la boma ku Pretoria pa 9 Ogasiti 1956, koma boma linatseka makutu. Pa 21 Malichi 1960 chipani cha PAC, chotsogozedwa ndi Robert Sobukwe, chinapempha anthu kuti asiye zitupa kunyumba ndi kukadzipereka okha kupolisi. Ku Sharpeville apolisi anathira zipolopolo pa khamu lopanda mfuti, ndipo anthu osachepera 69 anafa, ambiri mwa iwo ataomberedwa kumsana pothawa. Posakhalitsa boma linaletsa zipani za PAC ndi ANC.

Sobukwe anagamulidwa zaka zitatu. Zitatha, aphungu anakonza lamulo lapadera lomusungabe yekhayekha pa chilumba cha Robben Island kwa zaka zina zisanu ndi chimodzi. Iye anamwalira m'chaka cha 1978. Malamulo a chitupa anathetsedwa mu 1986, ndipo anthu a mitundu yonse anaponya voti pamodzi koyamba pa 27 Epulo 1994.