Antelope: chiboliboli cha Samson Kambalu

Antelope ndi chiboliboli chimene anapanga Samson Kambalu, katswiri wa zaluso wobadwira ku Malawi m'chaka cha 1975, yemwe amaphunzitsa ku Ruskin School of Art pa yunivesite ya Oxford. Chinaimikidwa pa nsanja yotchedwa Fourth Plinth, pabwalo la Trafalgar Square mumzinda wa London, pa 28 Seputembala 2022, ndipo chinakhala pamenepo mpaka 2024.

Gwero lake ndi chithunzi cha mu 1914 chimene anajambulitsa Mbusa John Chilembwe pamodzi ndi mmishonale wachizungu John Chorley, pa tchalitchi chatsopano cha Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Onse awiri avala zipewa. Masiku amenewo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu, kotero kuima chivalire kunali kuderera lamulo la atsamunda. Kambalu anakuza thupi la Chilembwe kwambiri n'kusiya Chorley pa msinkhu wa munthu wamba. Tchalitchi chapachithunzicho boma linachigumula chifukwa cha nkhondo yolimbana ndi atsamunda imene Chilembwe anayambitsa pa 23 Januwale 1915, ndipo Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho.

Nkhani imeneyi ili ndi mbali ya ku Ntcheu imene sikambidwa kawirikawiri. Chorley anali wa Zambezi Industrial Mission, mpingo umene unali ndi mishoni ku Dombole m'bomali. Komanso mlaliki Filipo Chinyama wa ku Dzunje anagwirizana ndi Chilembwe kuti akathire nkhondo boma la Ntcheu pa nthawi imodzimodziyo. Chikonzerocho chinalephereka, Chinyama anagwidwa n'kuphedwa. Nkhope ya Chilembwe ili pa ndalama zathu ndipo amakumbukiridwa pa 15 Januwale chaka chilichonse, pamene dzina la Chinyama latsalira makamaka m'mabuku a akatswiri a mbiri.

Ngakhale kuti Antelope ndi dzina la nyama m'Chingerezi, pa chiboliboli chonsecho palibe nyama. Dzina lake likuchokera kwa Kasiyamaliro, chilombo chachikulu cha Gule Wamkulu, chooneka ngati ntchefu, chimene chimabwera pa maliro ndi pa chinamwali. Zakudambwe sizinenedwa pagulu, komabe ofufuza adalemba kale kuti chilombochi chimalukidwa ndi nsungwi, udzu ndi makoko a chimanga, ndipo mwambo ukatha chimatenthedwa. Achewa amachitenga ngati mayi wa fuko, amene m'mimba mwake mumalowa akufa ndi kutuluka amoyo. Gule Wamkulu adalandira ulemu wa UNESCO mu 2005, ndipo zilombo zake zambiri zikuoneka ku Chamare Museum ku Mua, m'boma la Dedza, loyandikana ndi Ntcheu.

Apa ndi pomwe ntchito ya Kambalu ikukhudzira chilengedwe, ngakhale kuti ambiri amaiwerenga ngati nkhani ya ndale basi. Ntchefu imene gule amaitsanzira siipezekanso m'midzi ya chigawo chapakati. Wofuna kuiona ayenera kupita kumalo osungirako nyama monga Nyika. Mwana wa lero amadziwa nyanga ndi kayendedwe ka nyamayi kudzera m'gule, osati kutchire. N'chimodzimodzi ndi Angoni a Maseko, amene pa Umhlangano ku Nkolimbo amavina ngoma atavala zikopa za nyama zimene m'mapiri a Ntcheu zinasowa kalekale. Mitengo yachilengedwe nayo m'midzi yambiri yatsalira kumanda kokha, chifukwa kumeneko nkhwangwa siloledwa popanda chilolezo cha mfumu. Nkhalango za Dzonzi ndi Mvai ku Ntcheu zikuphwasulidwa ndi ootcha makala, ndipo damu la Mpira, limene limamwetsa anthu mpaka ku Balaka, lidafikapo pouma.

Luso lina la Kambalu limatsatira njira yomweyi yotenga nzeru kudambwe. Mafilimu ake a Nyau Cinema ndi aafupi kwambiri, opanda mawu, ndipo iye mwini amachita zozizwitsa m'misewu ya mizinda yachilendo monga muja chilombo chimatulukira mwadzidzidzi pamudzi. Ena anaonetsedwa ku Venice Biennale mu 2015. Analembanso buku la moyo wake, The Jive Talker, lomwe linatuluka mu 2008.