Mbiri ya Gulu la NZP+ Kuno Kum'mawa

Matenda osatchulidwa dzina

Mu 1984 madokotala a mu Zambia anapeza munthu woyamba wodwala Edzi. Pasanapite zaka zambiri, matendawa anali paliponse, ku Chipata, ku Katete, ku Chadiza ndi ku Lundazi komwe. Anthu ankawatchula kuti kaliwondewonde chifukwa wodwala ankaonda kwambiri. Ena ankati ndi mdulo, ena ankati wachita kulodzedwa. Pamaliro ankangonena kuti malemu anadwala nthawi yaitali.

Wodwala ankabisidwa kuchipinda. M'mabanja ena ankamupatulira mbale ndi kapu yakeyake.

Anthu awiri amene anaulula

Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anauza dziko lonse kuti mwana wake Masuzgo anamwalira ndi Edzi. Anthu anadabwa, pakuti nkhani zotere sizinkanenedwa poyera.

Mu 1990 mnyamata wina, Winstone Zulu, anaimirira pagulu n'kunena kuti ali ndi kachilombo ka HIV. Iye ndiye anali woyamba m'dziko muno kudziulula chotere. Ambiri ankaganiza kuti satha chaka. Koma anakhala ndi moyo mpaka mu 2011, akuyenda m'mayiko ambiri kulankhula za HIV ndi TB.

Kubadwa kwa gulu

Mu 1996 anthu okhala ndi kachilombo anayambitsa gulu lawolawo ku Lusaka. Dzina lake ndi Network of Zambian People Living with HIV and AIDS, mwachidule NZP+. Kale ena ndiwo ankawalankhulira. Tsopano eni nkhani anayamba kudzilankhulira okha.

Gululi linatsegula nthambi m'maboma, ndipo Chipata ili ndi yake. Pansi pa nthambi pali timagulu tothandizana m'makomboni ndi m'midzi.

Kusanabwere mankhwala

Masiku amenewo anali owawa. Mankhwala otalikitsa moyo analipo kunja, koma mtengo wake munthu wamba sakanaukwanitsa. Nanga gulu likanatani?

Linkachita zimene achibale ena ankaopa kuchita. Mamembala ankayendera mnzawo amene wagona. Ankamusambitsa, kumuphikira phala, kumuchapira zofunda. Akafooka kwambiri ankamukweza panjinga kupita naye ku chipatala cha Chipata, cha Mwami kapena cha St Francis ku Katete. Mipingo nayo inali ndi anthu ake osamalira odwala pakhomo, makamaka Dayosizi ya Katolika ya Chipata. Ambiri mwa iwo anali amayi, ndipo sankalandira malipiro. Tikamawerenga mbiri imeneyi timamva maina a akuluakulu, koma amene anagwira ntchito yolemetsa ndi amayiwa.

Chinthu china chinali kungokhala pamodzi. Munthu amene wangouzidwa kumene zotsatira za magazi ankafika pamsonkhano ali ndi mantha. Ankapeza anzake akuseka, ena akukambirana za mtengo wa feteleza. Ankabwerera kwawo mtima uli m'malo.

Ma ARV afika

Mu 2005 boma linayamba kupereka ma ARV, mankhwala otalikitsa moyo aja, kwaulere m'zipatala zake. Anthu amene abale anali atawataya mtima anadzuka n'kubwerera kumunda.

Ntchito ya gulu inasintha. Tsopano inali yolimbikitsa anthu kukayezetsa magazi, kukumbutsana kumwa mankhwala tsiku lililonse, ndi kulondola amene wasiya kupita kuchipatala. Amayi oyembekezera ankauzidwa kuti mwana akhoza kubadwa wopanda kachilombo.

Vuto linatsala pa mtunda. Kuchokera kumudzi kukafika kuchipatala kumadya tsiku lathunthu ndi ndalama ya thiransipoti. Nzeru ina inachokera kwa anansi athu ku Tete, ku Mozambique, mu 2008. Anthu osaposa 6 amapanga kagulu, ndipo amasinthana: mmodzi amapita kukatengera onse mankhwala. Njira imeneyi inafikanso mu Zambia.

Lero

Gawo lalikulu la ndalama zogulira ma ARV lakhala likuchokera kunja, makamaka ku America ndi ku bungwe la Global Fund. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa kaye thandizo lake lambiri, ndipo antchito ena a zaumoyo m'madera anauzidwa kuti akhale kunyumba. Anthu amene amamwa ma ARV anayambanso kufunsana funso limene anali ataliiwala: kodi mwezi wamawa tikawapeza?