Funde la Hokusai: Kodi Inu Mumayambira Mbali Iti?

Mukadzatsika sitima pa siteshoni ya Oud Metha mudzaime pang'ono pa chikwangwani cha dzina la malowo. Chingelezi chimayambira kumanzere, Chiarabu chimayambira kumanja. Ine ndinkaziona ngati nkhani ya zilembo chabe, kufikira tsiku lina pamene agogo amene ndimawasamalira m'dera lino anandionetsa chithunzi cha funde lalikulu pa kalendala yawo. Iwo anakula akuwerenga Chiarabu, ndipo chala chawo chinayambira kumanja kwa chithunzicho, pa bwato. Ine maso anga anali atathamangira kale ku funde.

Chithunzi chimenechi anachijambula ndi Katsushika Hokusai wa ku Japan, amene anabadwa mu 1760 ndi kumwalira mu 1849. Chinasindikizidwa cha m'ma 1831 pogwiritsa ntchito matabwa osema, ndipo ndi chimodzi mwa zithunzi zake za phiri la Fuji. Kumanzere kwadzuka funde lokhala ngati latambasula zikhadabo. Pansi pake pali mabwato 3 onyamula nsomba, opalasa ataweramira pansi. Phiri la Fuji likuoneka laling'ono chapatali.

Ife amene tinaphunzira a, e, i, o, u kuchokera kumanzere, monga amishoni a ku Blantyre ndi ku Nkhoma anaphunzitsira makolo athu, timayamba ndi fundelo n'kuyenda nalo limodzi. Timakhala ngati tili kumbuyo kwake, tikuonerera. Koma anthu a m'nthawi ya Hokusai ankalemba kuchokera pamwamba kutsika pansi, mizere ikutsatana kuchokera kumanja kupita kumanzere. Munthu wotere amayamba wakwera bwato, kenako n'kukumana ndi khoma la madzi maso ndi maso. Amene anaonapo mwera utakwiya pa nyanja ku Nkhotakota akudziwa kuti kuuonera pagombe n'kosiyana ndi kukumana nawo uli m'bwato. Kwa ine, chithunzichi chimaopsa kwambiri ukachiyambira kumanja, ndipo ndikukhulupirira kuti mwiniwake anafuna zimenezo.

Mwambo umenewu ndi wakale kuposa Hokusai. Zaka mazana ambiri m'mbuyomo, Ajapani ankajambula nkhani pa mipukutu yotchedwa emaki. Woonerayo ankafunyulula ndi dzanja lamanzere akupinda ndi lamanja, motero zam'tsogolo zinkatulukira kumanzere, zakale zikubisika kumanja. Mpukutu wa Ban Dainagon, wa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100, umasimba za kupsa kwa chipata cha Otenmon ku Kyoto mu 866. Poyamba umangoona khamu la anthu likuthamangira kumanzere osadziwa chimene chachitika. Ukafunyululabe m'pamene utsi ndi malawi zimatulukira. Wouyambira kumanzere wadziwonongera yekha nkhaniyo, popeza waona moto asanamve phokoso.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, kulemba mopingasa kuchokera kumanzere kunafala ku Japan, koma mabuku a nthano ndi a zithunzi otchedwa manga amatsegulidwabe kuchokera kumene ife timati kumapeto. Osindikiza a ku America poyamba ankatembenuza masamba a manga ngati pa galasi, mwakuti anthu ogwira lupanga ndi dzanja lamanja ankasanduka amanzere. Mu 2002 kampani ya Tokyopop inayamba kuwasiya monga analili, ndipo owerenga anazolowera. Abale athu amene anapita ku madrasa ku Mangochi kapena ku Machinga sangadabwe nazo; iwo buku lotsegulira kumanja analigwira ali ana.

Kuyambira mu 2024 funde lija lili kumbuyo kwa ndalama ya pepala ya 1,000 yen. Mukadzaliona pa kalendala kapena pa malaya, mudzaphimbe mbali ya kumanzere ndi chikhatho, n'kumachichotsa pang'onopang'ono. Dzina la Hokusai mudzalipeza pomalizira, pamwamba chakumanzere, kuseri kwa fundelo.