Nsanamira za Ulalo Zimene Zinasunga Mbiri ya Anthu

Mukamayenda m'tauni mumaona zipupa zambiri zopakidwa penti. Zambiri mwa izo zimangotsatsa malonda a sopo, zakumwa kapena mafoni. Lero tiyeni tipite kutali, ku mzinda wa San Diego m'cigawo ca California ku America, kumene anthu osauka anajambula mbiri yao pa nsanamira za ulalo kuti asalandidwe malo. Malowo amachedwa Chicano Park.

San Diego ali kumalire a America ndi Mexico, ndipo California yense anali mbali ya Mexico mpaka caka ca 1848. Nkhondo youkira boma itabuka ku Mexico mu 1910, mabanja ambiri anathawira kumpoto nakakhala m'dera la Logan Heights, pafupi ndi doko. Anapeza nchito m'mafakitale oika nsomba m'zitini ndi m'malo okonzera zombo. Pofika m'zaka za m'ma 1940, m'derali munali anthu pafupifupi 20,000. Ana ao obadwira ku America anayamba kudzicha Achicano, kutanthauza nzika za America zimene makolo ao anacokera ku Mexico.

Kenaka deralo linayamba kudyedwa pang'onopang'ono. Pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, asilikali a pamadzi ndi mafakitale anatenga gombe, ndipo anthu analibenso njira yofikira kunyanja. M'zaka za m'ma 1950 akuluakulu a mzinda anasintha lamulo nalola mafakitale kulowa pakati pa nyumba za anthu. Malo otayirako zigoba za magalimoto anaculuka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 mseu waukulu wa Interstate 5 unadula deralo pakati, ndipo mu 1969 anatsegula ulalo wautali wopita ku Coronado. Nyumba zambirimbiri zinagwetsedwa. Mbali imene inatsala cakunyanja, yochedwa Barrio Logan, inakhala pansi pa nkhalango ya nsanamira za simenti. Pofika 1979 m'derali munatsala anthu pafupifupi 5,000 cabe.

Anthuwo anapempha cinthu cimodzi cacing'ono: malo a pansi pa ulalo akhale paki yoseweramo ana. Akuluakulu anavomera, koma nchito siinayambe. Pa 22 April 1970 mnyamata wina wa pa San Diego City College, dzina lake Mario Solis, anaona makatapila pamalopo. Atafunsa, anauzidwa kuti akukonza poimika magalimoto pa ofesi yatsopano ya apolisi a pamseu. Iye anathamangira kukoleji kukauza anzake, ndipo uthenga unayenda khomo ndi khomo. Tsiku lomwelo ana a sukulu, azimai, azibambo ndi nkhalamba anafika nazungulira makatapila aja. Ena anabwera ndi mapiki ndi mafosholo nayamba kubzala maluwa ndi zomera za minga za m'cipululu. Anakhala pamenepo usana ndi usiku kwa masiku 12, mpaka akuluakulu a mzinda anavomera kukambirana ndi boma la California za malowo. Zokambirana zinatenga miyezi, koma pomaliza anthu anapatsidwa paki yao. Cala cimodzi siciswa nsabwe.

Tsono mungafunse kuti, kodi paki yotani ya pansi pa ulalo, yopanda mitengo, yodzala ndi phokoso la magalimoto? Yankho linacokera kwa katswiri wojambula, Salvador Torres, amene anakulira m'dera lomwelo. Iye anaona kuti nsanamira zimene zinawaphwanyira mudzi zikhoza kusanduka masamba a buku lalikulu. Nzeru imeneyi siinali yacilendo kwa anthu a ku Mexico. M'zaka za m'ma 1920, Diego Rivera, José Clemente Orozco ndi David Alfaro Siqueiros anajambula mbiri ya dziko lao pa zipupa za nyumba za boma, kuti ngakhale munthu wosadziwa kuwerenga aione ndi maso ake.

Kujambula kunayamba mu 1973. Torres anagwira nchito ndi anzake monga Victor Ochoa, Guillermo Aranda ndi Mario Torero, pamodzi ndi anyamata ndi atsikana wamba amene anali asanagwirepo bulashi. Pambuyo pake kunabweranso ojambula ocokera ku Los Angeles ndi Sacramento. Pa nsanamirazo pali milungu ya makolo ao akale monga Quetzalcoatl, pali Namwali Maria wa ku Guadalupe, pali Frida Kahlo, ndiponso Cesar Chavez amene anamenyera ufulu wa anthu ogwira nchito m'mafamu. Cithunzi cina cimaonetsa tsiku lenileni limene anthu analanda malowo. Cinanso cili ndi mau a Cisipanishi akuti "Varrio Sí, Yonkes No", ndiko kunena kuti tikufuna mudzi, sitikufuna malo otayirako zigoba za magalimoto.

Zithunzi zimenezi zinakhala ngati mlonda wa malowo. M'zaka za m'ma 1990 boma linafuna kulimbitsa ulalowo kuti upirire zivomezi, ndipo nchitoyo ikanaononga zithunzi zambiri. Anthu anakana, ndipo akatswiri omanga anafunafuna njira ina yolimbitsira nsanamira popanda kufafaniza zojambulazo. Mu 2011 ndi 2012 zithunzi zimene zinasuluka ndi dzuwa zinakonzedwanso, zambiri mwa izo ndi eni ake amene anazijambula ali anyamata. Mu 2016 boma la America linaika Chicano Park pa mndandanda wa malo ofunika kwambiri m'mbiri ya dzikolo. Mu 2017 Barrio Logan anasankhidwa kukhala limodzi la madera 14 a zacikhalidwe mu California, ndipo mu 2022 anatsegula nyumba yosungiramo mbiri ya pakiyo. Zithunzi za m'pakimo ndi zopitirira 70, ndipo caka ciliconse mu April anthu amasonkhana kukumbukira tsiku lija.

Koma musaganize kuti nkhani yathera pamenepo. Kuchuka kwa zithunzi kwakoka alendo, malesitilanti ndi nyumba zogulitsiramo zojambula mu Logan Avenue. Ndalama zalowa, koma lendi nayo yakwera, ndipo mabanja ena amene makolo ao anaima patsogolo pa makatapila akuvutika kukhalabe m'dera lao. Cimene mseu ndi ulalo zinayamba, mtengo wa nyumba ukhoza kucitsiriza.

Anzanga, onani bwino amene anayamba nchito imeneyi. Anali ana a sukulu ndi a koleji, amsinkhu wanu ndi wanga, opanda ndalama ndiponso opanda udindo. Iwo anadziwa mbiri ya kwao, ndipo anailemba pamalo pamene aliyense wodutsa angaione. Mukakumana m'gulu lanu sabata ino, funsanani: kodi komboni yathu inayamba bwanji, ndipo anaiyamba ndani? Ngati palibe wodziwa, pitani kwa agogo akali moyo, mukhale pansi, muwafunse.