Mwini Wake wa Yunivesite Ndani?

Ambiri a ife tinayamba kuwaona akuluakulu ameneŵa pa tsiku lolandira madigiri ku Zomba. Makolo takhala m'holo yaikulu ija, ana athu avala mikanjo yakuda, kenaka akuluakulu akuloŵa mondondozana, mikanjo yao ili ya maŵangamaŵanga. Timaomba m'manja, amai nkumalulutira. Koma ndi oŵerengeka mwa ife amene anganene kuti pa gulu limenelo ndani ali ndi mphamvu yolemba ntchito mphunzitsi, yomchotsa, kapena yotseka zipata za sukulu ana nkubwerera kumudzi chaka chisanathe.

Yunivesite ya Malaŵi inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu Okutobala 1964, patangopita miyezi itatu dziko lino litalandira ufulu. Maphunziro anayamba mu Seputembala 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, ophunzira ali 90. Pofika 1967 makoleji anali asanu: Chancellor, Polytechnic, Bunda ya zaulimi, Soche Hill ya zauphunzitsi ndi Mpemba ya kayendetsedwe ka boma. Mu 1973 Soche Hill ndi Mpemba anaziphatikiza ndi Chancellor, zonse nkusamukira ku Chirunga, ku Zomba.

Dongosolo la utsogoleri linatengedwa ku Britain. Pamwamba pali Chansala, amene kumeneko amangokhala munthu wolemekezeka wopereka madigiri. Pansi pake pali Khonsolo, yosunga chuma ndi katundu ndiponso yolemba anthu ntchito. Pali Seneti, bwalo la aphunzitsi akuluakulu loona za maphunziro ndi mayeso. Ndipo pali Wachiŵiri kwa Chansala, amene ngakhale dzina lake likumveka ngati la wothandizira chabe, ndiye woyendetsa yunivesite tsiku ndi tsiku. Woyamba pa udindo umenewu anali Dr. Ian Michael, Mngelezi, kuyambira 1964 kufikira 1973. Anamtsatira anali azungu okhaokha mpaka m'zaka za m'ma 1990, pamene Profesa Brown Chimphamba anakhala Mmalaŵi woyamba kuugwira.

Nzeru ya dongosolo limeneli inali yakuti ndalama zichokere ku boma, koma za m'kalasi zikhale m'manja mwa aphunzitsi. Kuno kwathu kunasintha chinthu chimodzi chokha, ndipo chimenecho chinasintha zonse: mpando wa Chansala unapatsidwa kwa mtsogoleri wa dziko, Dr. Hastings Kamuzu Banda. Wapampando wa Khonsolo kwa zaka zambiri anali a John Tembo, mmodzi wa anthu amphamvu koposa mu chipani cha Malawi Congress. Tsono mphunzitsi akalakwiridwa ndi boma, akanakadandaula kwa yani? Wolakwira ndi woweruza anali kudyera mbale imodzi.

Sitinganene kuti atsogoleriwo sanamange kanthu. Anamanga ndithu. Nyumba za ku Chirunga, koleji ya anamwino ya Kamuzu mu 1979, koleji ya madokotala mu 1991, zonsezi ndi ntchito za nthaŵi imeneyo, ndipo aphunzitsi, maloya ndi alangizi a zaulimi amene anatulukamo atumikira mabanja athu. Koma mbusa samadziŵika ndi kukongola kwa khola ai. Amadziŵika fisi akabwera usiku.

Fisi anabwera kangapo. M'zaka za m'ma 1970 aphunzitsi ndi ogwira ntchito angapo a pa yunivesite, ambiri mwa iwo ochokera kumpoto, anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Mmodzi wa iwo anali mlakatuli Felix Mnthali. Pa 25 Seputembala 1987 apolisi anagwira Dr. Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingelezi ku Chancellor College, ali ku Gymkhana Club mu Zomba. Anamsunga ku ndende ya Mikuyu mpaka Meyi 1991, zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iŵiri, osamuuza chimene analakwa. Mau omulira sanatuluke m'chipinda cha Khonsolo. Mbiri ya kumangidwa kwake inafika kunja kwa dziko kudzera mwa anzake, makamaka Bambo Pádraig Ó Máille, wansembe wa ku Ireland amene ankaphunzitsa naye limodzi. Munthu wopanda mpando anachita chimene a mipando anachiwopa. Sitikuwaweruza mopepuka, popeza tonse amene tinaona masiku amenewo tikudziŵa mmene tinkayang'anira uku ndi uku tisanatsegule pakamwa, ngakhale m'nyumba mwathu momwe.

Ophunzira ndiwo anayamba kuthyola mantha. Kalata ya maepiskopi itaŵerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, kalata imene inatchulanso za kuponderezedwa kwa ufulu wa aphunzitsi, anyamata ndi atsikana a ku Chancellor anayenda m'miseu ya Zomba kuwonetsa kuti ali pambuyo pa abusawo. Yankho la akuluakulu linali kutseka koleji. Mwezi wotsatira Bambo Ó Máille anathamangitsidwa m'dziko muno.

Tinkayesa kuti ndi kubwera kwa zipani zambiri mu 1994 zoterezi zatha. Koma mpando wa Chansala unakhalabe wa Pulezidenti, ndipo mu 2011 nkhani yakale inabweranso itavala malaya atsopano. Mu Febuluwale chaka chimenecho mkulu wa apolisi, a Peter Mukhito, anaitana Dr. Blessings Chinsinga kukawafunsa za phunziro limene anapereka m'kalasi, m'mene anafanizira kusoŵa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno kwathu ndi zimene zinautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Zinaonekeratu kuti wina wa m'kalasimo anakanena. Aphunzitsi anakana kuloŵanso m'kalasi kufikira atatsimikiziridwa kuti mulibe akazitape. Pulezidenti Bingu wa Mutharika, amene analinso Chansala, anaikira kumbuyo mkulu wa apolisi uja. Khonsolo, m'malo moima pakati, inachotsa ntchito aphunzitsi anai: a Chinsinga, a Jessie Kabwila, a Garton Kamchedzera ndi a Franz Amin.

Kusiyana kwake ndi 1987 nkwakuti tsopano kunali makhoti omasuka ndi nyuzipepala zolemba poyera, ndipo palibe mphunzitsi amene anapita ku Mikuyu. Mu Okutobala 2011 anaiwo anabwezedwa pa ntchito, ndipo amene analamula kuti abwezedwe anali Pulezidenti yemweyo. Njovu zitatha kulimbana, udzu unali utapunthika: kwa miyezi pafupifupi isanu ndi itatu ophunzira sanaphunzire mokhazikika, ndipo makolo amene anagulitsa fodya ndi mbuzi kuti apeze fizi anangowaona ana ao akusoŵa chochita pakhomo.

Yunivesite imodzi ija kenaka inagaŵikana. Bunda inapatuka mu 2012 nkukhala LUANAR. Mu Meyi 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS, makoleji a madokotala ndi anamwino nkukhala Kamuzu University of Health Sciences, ndipo dzina lakale linatsalira ku Zomba. Iliyonse inalandira Khonsolo yakeyake, Seneti yakeyake ndi Wachiŵiri kwa Chansala wakewake. Pa miyambo yopereka madigiri m'zaka zoyamba za mayunivesite atsopanoŵa, amene anakhala pa mpando wa Chansala anali Pulezidenti Lazarus Chakwera.